Manja Otuwa a Ba Selestina

Ine ndine Fridah Miti, uja mumamuona akutsika minibasi pa Chongwe ndi chikwama cha laputopu kumsana, khosi lili gwa ngati magetsi anawatulukira ndi iye. Ndili ndi nkhani imene ndikaikumbuka pakati pa chakudya ndimangosamba m'manja n'kudzuka. Ndi nkhani ya Ba Selestina Daka a kwa Nkomeshya, amene kumudzi kwawo amawatchula kuti Amake Angela. Ndiikamba yonse pamodzi ndi mbali yanga, ngakhale mbali yangayo ikununkha.

Ba Selestina anabadwira ku Katete, koma za Katete amangokumbuka lole. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri pamene atate awo anakweza banja lonse pa loleyo, nkhuku ndi makasu omwe, kudzapempha malo olima kuno pakati pa anthu a mtundu wa Asoli. Sukulu anasiyira giredi seveni. Mutu unalipo, koma m'nyumbamo munali anyamata anayi, ndipo atate anati mtsikana wawerenga zokwanira. Atakwatiwa ndi Ba Zebron n'kubereka ana awiri, analowa nchito pa famu ina ya maluwa cha ku msewu wa ku eyapoti. Kumeneko anakhala zaka khumi ndi zinayi akumezanitsa marozi. Ankadula kadiso ka mtengo wina ndi lumo, kopyapyala ngati chikhadabo cha khanda, n'kukalowetsa pansi pa khungwa la mtengo wina popanda kukaphwanya. Famuyo itatsekedwa anabwerera ku khasu, mpaka Ba Jonas, mnansi wawo amene amalonda pa geti ya yunivesite ina mu Lusaka, anawauza kuti kukufunika munthu wokolopa. Pakati pa sabata ankagona kwa mng'ono wawo pa boma pa Chongwe, Loweruka n'kupita kumudzi. Ndiye ine ndi iwo tinkakwera minibasi imodzi m'mawa uliwonse, ine kutsogolo iwo kumbuyo, chaka chathunthu ndisanadziwe ndi dzina lawo lomwe.

Ine kwathu ndi ku mapuloti atsopano aja a mipanda ya njerwa, ndipo makolo anga onse awiri ndi a m'boma. Ndinali wophunzira woyamba wa Dokotala Mwaanga, amene anabwera kuchokera kunja mu 2021 ndi maikulosikopu imodzi ndi timabotolo tiwiri, kena ka mwala wakuda, kena ka mwala woyera. Anapatsidwa chipinda chimene kale ankaunjikamo mipando yothyoka, ife n'kuchitcha labu.

Nchito yathu ndiifotokoze bwino, chifukwa ngakhale amayi anga mpaka lero amauza anzawo kuti ndimakonza mafoni. Chakuda chija cha m'kati mwa pensulo, ndicho mwala wakuda uja, ndi timapepala tosanjikizana miyandamiyanda. Ukasenda kamodzi kokha, kukhuthala kwake ndi atomu imodzi, ndiye kuti palibenso chopyapyala kuposa apo. Kameneko ndiko girafini. Chosendera chake, musaseke, ndi tepi yomata. Umamata kamwala kakuda pa tepi, n'kupinda, n'kumatula, n'kupindanso, mpaka tepi yonse ichite mbuu. Kenaka umaidinda pa kachidutswa ka silikoni kamene timakatcha chipu, n'kuimatula pang'onopang'ono, mpweya utaugwira. Zotsala pa chipupo umazifufuza ndi maikulosikopu. Zambiri zimakhala zokhuthala, zopanda nchito. Kamene ukufunako kamaoneka ngati mthunzi chabe, ndipo m'lifupi mwake sikafika tsitsi limodzi. Ukakapeza umakatsekera pakati pa timapepala tiwiri ta mwala woyera, tosendedwa chimodzimodzi. Kachipangizo kameneko timakatumiza kwa anzawo a adokotala kunja, amene amakalumikiza timawaya n'kukaziziritsa m'makina ozizira kuposa chilichonse chimene munakhudzapo. M'kuzizira kumeneko maelekitironi, tinthu timene timanyamula magetsi, amasiya kuthamanga chipwirikiti. Amayenda ngati mafunde, ndipo zimene timayeza zimakwera m'masitepe owerengeka bwinobwino. Zimenezo ndizo amati za kwantamu, ndizo tinkafuna kuona. Koma pakalowa kadontho kamodzi ka litsiro pakati pa timapepalato, suona kanthu.

Tsiku lina ndinali nditatha masabata atatu ndikufufuza osapeza kanthu, maso ali psuu. Chithunzi cha pa chipu chinkaoneka pa sikirini. Ba Selestina ankakolopa kumbuyo kwanga, ndipo ndinamva mopu yaima.

"Mwana wanga, bwererani pang'ono. Apo, pakona. Pali kanthu."

"Amayi, kolopani chabe," ndinatero osatembenuka. "Izi si zanu."

Tsoka langa adokotala anali pomwepo. Anabwera n'kubweza chithunzicho, nayang'ana, nayeza. Kanali kamodzi kokha, kakakulu kuposa tonse timene tinapezapo. Atawafunsa kuti akaona bwanji, Ba Selestina anati mtundu wake wasiyana pang'ono, ngati tsamba la rozi likangoyamba kudwala, mwini munda asanadziwe. Adokotala anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anatha miyezi iwiri akulimbana ndi a m'maofesi, mpaka Ba Selestina anachotsedwa pa mopu n'kupatsidwa mpando wawo m'labu ndi khoti loyera.

Ndisaname, poyamba zinandiwawa. Ine wa digiri, iwo a giredi seveni, koma zimene ine ndinkapeza pa mwezi iwo ankazipeza asanamwe tiyi. Dzanja lawo pomatula tepi silinkanjenjemera ngakhale lole idutse panja. Anali ndi kabuku kawo momwe ankajambula chipu iliyonse ngati munda, n'kulemba pamene pali girafini: kumtunda, cha kumanzere, pafupi ndi chimwala chachikasu. Elekitironi sanaidziwe ndipo sananamizire kuidziwa, koma mafunso awo ankandituluka nawo thukuta. Tsiku lina anandifunsa kuti ngati tinthuti timayenda bwino pozizira, ndiye kuti chimene chimatisokoneza pofunda n'chiyani. Ndinachita chibwibwi mpaka adokotala anandipulumutsa. Pang'ono ndi pang'ono nsanje inatha. Anayamba kundisungira malo pafupi nawo m'minibasi, ndipo Lolemba lililonse ankandibweretsera nshawa kapena mbatata zochokera kwa Nkomeshya. Ndinawakonda mayi amenewa, ndipo izi mukumbuke pamene mukumva zotsatirazi.

M'labu munali lamulo limodzi lalikulu: osadzola mafuta m'manja tsiku la nchito. Magulovu tinkavala ndithu, koma adokotala ankati povala, mafuta amapakika kunja kwa gulovu, kuchoka pamenepo apita pa tepi, kuchoka pa tepi alowa m'kachipangizo. Ine ndinkaba. Ndinkadzola kunyumba n'kuvala magulovu awiri, ndiponso tepi sindinkaigwira kwambiri poti nchito yanga inali yosanjikiza timapepala ndi makina. Ba Selestina sanabepo ngakhale tsiku limodzi. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu manja awo ankangodziwa sopo ndi madzi.

Mukuidziwa Juni ya kuno. Mphepo yake imauma, ndipo mkazi aliyense, ngakhale wosauka bwanji, amakhala ndi kabotolo ka gilisalini. Kutuwa ndi manyazi, amayi athu anatiphunzitsa tili aang'ono. Ndiye manja a Ba Selestina anatuwa ngati agona paphulusa, zala zinang'ambika mumfundo, mwina n'kumatuluka timagazi. M'mawa wina m'minibasi anagwira chitsulo cha mpando wa kutsogolo, ndipo mayi wina wa zikhadabo zofiira anagunda mnzake ndi chigongono.

"Anthu ena mafuta anawalakwira chani?" anatero mokweza.

Ba Selestina anabisa manja awo m'chitenje. Ine ndinali nditakhala pambali pawo, ndikudziwa chifukwa chake chonse, koma ndinayang'ana pawindo ngati mitengo ya ku Silverest ndaiona koyamba.

Sabata yotsatira kunabwera Ba Lister, mayi wa ku ofesi yofalitsa nkhani za yunivesite, ndi kamera yawo. Ankakonza posita ya azimayi a sayansi, ndipo ankafuna ife awiri. Adokotala anali atapita ku msonkhano tsiku lonse. Ndinali nditaluka tsitsi latsopano chifukwa cha tsikuli.

"Vulani magulovu, amayi," anatero Ba Lister. "Nifuna manja ya munthu, osati ya pulasitiki."

Ba Selestina anavula. Ba Lister anatsitsa kamera n'kukwinya mphuno. "Eh! Aya manja pa posita? Awe mwandi."

Ine ndinali nditatsegula kale chikwama changa. Ndinatulutsa gilisalini.

"Ba Fridah, lamulo," anatero Ba Selestina motsitsa mawu.

"Ni chithunzi chabe, amayi. Mufuna Zambia yonse ikambe kuti labu yathu isunga anthu otuwa?"

Ndinkakamba ngati ndikuwateteza, koma linali bodza. Chimene ndinkaona n'choti pachithunzipo ndiima pambali pawo, ndipo anzanga a ku sekondale adzachiona pa mafoni awo. Ndinathira mafutawo m'manja mwawo n'kuwapaka ndekha, chala chimodzichimodzi. Manjawo anasanduka akuda bii, owala. Ba Selestina anawatembenuza uku ndi uku n'kumwetulira ngati kamtsikana, ndipo kumwetulira kumeneko ndiko kumandipweteka kuposa zonse.

Zikanathera pamenepo bwenzi atasamba basi. Koma Ba Lister anati tepi ya mwala wakuda ikuoneka ngati yotola padzala, kodi palibe yokongolako? Inalipo. Mwala woyera uja unali wosowa, adokotala anachita kupatsidwa ndi mnzawo, ndipo pafupifupi wonse tinaumata pa tepi imodzi imene tinkaitcha make, mayi wa matepi onse. Ukafuna kusenda, unkadinda tepi yatsopano pa make n'kutengako pang'ono, make n'kumupinda n'kumubwezera m'dirowa. Padzuwa ankanyezimira ngati shuga. Ndinamutulutsa ine, ndi dzanja langali, n'kumuika m'manja mwa Ba Selestina.

"Kwezani! Pendekerani ku windo! Pafupi na nkhope!" Ba Lister ankalamula, kamera ikulira. Popendeketsapo chala chachikulu cha Ba Selestina chinaterereka n'kugwera pomata.

Ba Lister atapita, Ba Selestina anandigwira pamkono. "Chala chakhudza, mwana wanga. Tiwauze adokotala."

"Nizadula pamene mwagwira. Musawavutitse na tunthu tung'ono."

"Mutsimikiza?"

"Amayi, wa digiri ni ndani apa?"

Ndinadula m'mphepete ndi sizasi pamene ndinkaganiza kuti ndi pomwepo, n'kumupinda make monga mwa masiku onse. Popinda paja ndiye ndinafalitsa mafutawo tepi yonse. Akuluakulu sananame, chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Masabata asanu ndi limodzi otsatira tinapanga tizipangizo tisanu ndi kamodzi, tonse ndi mwala wochokera kwa make. Girafini yake inali yabwino kwambiri, Ba Selestina anaipeza yaikuluikulu. Koma posanjikiza ndinkaona timatuza pakati pa timapepala, tambiri kuposa kale. Ndinkadziuza kuti ndi fumbi la mphepo ya Julayi. Kawiri konse Ba Selestina anayang'ana pa sikirini n'kunena kuti, "Ba Fridah, aka kaoneka kodwala." Kawiri konse ndinawayankha kuti kali bwino. Makina ozizira a kunja aja ife tinkapatsidwa masabata atatu okha pa chaka, ndipo nthawi yathu inali mu Ogasiti. Tinatumiza.

Mu Seputembala mayankho anabwera. Palibe ngakhale kamodzi kamene kanaonetsa masitepe aja. Mizere yake inali ngati popalasa nkhuku. Anzawo a adokotala analemba kuti pakati pa timapepala pali mafuta. Adokotala anatha masiku akufufuza chilichonse, mabotolo, magalasi, mpweya wa m'chipinda, ndipo ine ndinkawathandiza kufufuzako, nkhope yanga ili phee. Posita ija inali itapachikidwa pamasitepe, ndipo ankaidutsa tsiku lililonse. Tsiku lina anaima n'kuiyang'anitsitsa.

Anatiitana tonse awiri m'labu. Anayala positayo patebulo: ine ndi tsitsi langa latsopano, Ba Selestina akumwetulira, manja opanda magulovu akuwala, atagwira make. Kenaka anatulutsa make n'kumupendeketsa pawindo. Chidindo cha chala chinkaoneka, theka lake, pambali penipeni pa pamene ndinadula.

"Ba Selestina, mafuta aya anachoka kuti?" Sanakweze mawu, ndipo bola akanakuwa.

"Manja ni anga, adokotala. Ndine ninagwira."

"Sininafunse za manja. Tepi iyi anaitulutsa ndani mu dirowa? Fridah, unalipo. Pali chimene udziwa?"

Ndinaganiza za digiri yanga, za atate amene anali atauza kale tchalitchi chonse kuti mwana wawo apita kunja. Ndinawerama n'kuika diso pa maikulosikopu ngati pali chinthu chachangu chimene ndikuona.

"Nafunsa, pali wina adziwa kanthu?"

Amati fisi akagwa m'mbuna salankhula, koma ine sindinagwe m'mbuna. Ndinali pamwamba, ndikuyang'ana amene ndamukankhiramo.

Adokotala anapuma mozama. Anati chaka chonse chapita, mwala woyera wapita, ndipo chimene chawawawa si kulakwako koma kubisa kwa miyezi itatu. Anati munthu wobisa litsiro sangamusiye pafupi ndi tepi, choncho Ba Selestina abwerere ku nchito yawo yakale ya m'makhonde. Ba Selestina anavula khoti loyera n'kulipinda bwinobwino, naika kabuku kawo pamwamba pake, nawomba m'manja pang'ono motsanzika. Mawa lake sanabwere, ndipo mopuyo sanaigwirenso.

Chitseko chinali chotsegula tsiku limenelo, ndipo Ba Jonas a pa geti anali pakhonde atabweretsa kalata. Anamva za manja ndi za litsiro. Si munthu woipa, koma pakamwa pake mulibe chitseko, ndipo Loweruka nayenso ankapita kwa Nkomeshya.

Miyezi inayi inadutsa. Positayo anaichotsa. Ine ndinabwerera ku mpando wa kutsogolo m'minibasi, ndipo girafini ndinkaifufuza ndekha, masabata atatu kamodzi, kenanso kong'ambika. Ndinkadziuza kuti mayi aja ali bwino kumudzi, akulima, mwina nchito ya m'tauni inkawatopetsa. Munthu ukafuna kudzinamiza, mabodza sasowa. Pa geti ndinkadutsa mothamanga, foni ili kukhutu ngakhale palibe woimba. Koma m'mawa wina mu Januwale mvula inanditsekera m'kanyumba ka alonda, ndipo ndinalibe kothawira.

"Ba Jonas, Ba Selestina ali shani?"

"Alipo. Koma zinthu sizili bwino." Anapukusa mutu. "Ku tchalitchi anawachotsa pa gulu lochapa nsalu za paguwa. Zaka makumi awiri akuchapa! Na pa maliro manje sawapatsa kugawa chakudya, awatuma chabe kukatunga madzi. Mudziwa azimayi. Akuti munthu amene anamupitikitsa nchito chifukwa cha uve, asagwire mbale za anthu." Anandiyang'ana. "Koma imwe munalipo, ba sisi. N'zoona kuti anali a uve?"

Mayi amene anayenda miyezi ndi zala zong'ambika kuti tepi ikhale yoyera! Ndinatuluka m'mvula momwemo, ndinakwera masitepe madzi akuchucha, ndinalowa mu ofesi ya adokotala osagogoda. Ndinakamba zonse, gilisalini, make, sizasi, ndi mawu aja a digiri. Ndinkalira ngati mwana wakuba shuga, mamina ali mbwee.

Adokotala anati nawonso alakwa, chifukwa anakhulupirira kukhala chete kwa wophunzira kuposa zaka ziwiri za nchito yoyera ya mayi uja. Anati za ine adzaziona pambuyo, ndipo ndisaganize kuti zatha.

"Mpando wawo ulipo. Koma sinizatuma kalata. Uzapita wekha, na miyendo yako."

Ndinapita pa Sondo. Minibasi inanditsitsa pamene tala amathera, ndipo kuchoka apo ndinayenda m'matope ola lathunthu ndi nsapato za m'tauni, ndikufunsa njira. Aliyense amene ndinamufunsa za kwa Amake Angela ankandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi asanaloze. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba, atakhala pamphasa pakati pa timbande ta mandimu ta m'mapepala akuda, lumo lili m'manja. Ba Zebron anandibweretsera mpando, koma ndinaukana. Ndinagwada pansi ponyowa pomwepo n'kuyamba kukamba.

Anandimvera mpaka kumapeto, osasiya kumanga kambande kamene anali nako. Nditatha anapukuta lumo pa chitenje.

"Zonse izi nizidziwa, Ba Fridah. Ninalipo. Amene sadziwa ali uko." Analoza ndi mutu kumunsi kwa mudzi. "Mphakati wayamba. Tiyeni."

Mphakati ndi kagulu ka Akatolika a m'mudzi umodzi kamene kamakumana kupemphera ndi kukambirana. Tsiku limenelo anasonkhana m'chisakasa cha udzu chifukwa cha mvula, anthu ngati makumi atatu, ambiri azimayi. Titalowa nyimbo inazilala. Ndinaona kuti Ba Selestina anakakhala kumapeto, pamene denga limadontha, ndipo palibe amene anasendera kuwapatsa malo. Anauza amayi a pampando kuti mlendo ali ndi mawu.

Ndinayamba nditaimirira ngati ndili m'kalasi. Mayi wina wachikulire anati, "Iwe, ukamba na akulu uli chilili?" Ndinagwada. Chinyanja changa cha m'tauni chinkaterereka, Chizungu chikulowerera, koma ndinakamba. Ndinawauza za girafini, ngakhale ndikudziwa kuti sanamve, ndi kuti m'labu monse munalibe wina wa maso ndi manja ngati a mayi awa. Ndinawauza za lamulo la mafuta, ndi kuti amene ankaliphwanya tsiku ndi tsiku ndinali ine. Ndinawauza amene anatsegula botolo, amene anatulutsa tepi, amene anakana kuuza adokotala.

"Ndiye kutuwa kuja kunali kwa lamulo la nchito?" anafunsa mayi wina.

"Inde, amayi."

"Nanga iwe wakhala nazo miyezi ingati izi?" anafunsa wachikulire uja.

"Inayi. Kuwerengera pa chithunzi, isanu ndi iwiri."

"Uli kudya?"

"Inde."

"Uli kugona?"

Anayamwa mano, tsk, mokweza kwambiri moti mwana amene anali kubere analeka kuyamwa. Koma nditakweza maso ndinaona kuti si ine ndekha amene ndinkayang'ana pansi. Amayi a pampando ankapotokola kolona m'manja. Anatsokomola, n'kunena kuti nsalu za paguwa za sabata ino zipite kwa Amake Angela, ndipo amene ali ndi mawu akambe pano. Azimayi awiri anasendera pabenchi, ndipo Ba Selestina anadzuka podontha paja n'kukakhala pakati pawo.

Pobwerera mtima wanga unali utapepuka, ndisabise. Ndinkaganiza kuti ndalipira, zatha. Ndinkayenda pambuyo pawo m'kanjira ka pakati pa chimanga, ndipo ndinapereka uthenga wa adokotala mwachimwemwe: mpando ulipo, khoti lilipo, kabuku kali m'dirowa, ndipo mwala woyera watsopano ukubwera mwezi wamawa.

"Mwaiyewa nchito, amayi, si choncho?"

"Naiyewa," anatero osatembenuka. "Nikatseka maso niona mtundu uja, ka mthunzi kaja pakona. Pa nchito zonse zimene ninagwirapo, ni iyo yokha imene munthu ananifunsa kuti, imwe muona bwanji?"

"Ndiye Lolemba nikusungireni malo mu minibasi?"

Anaima. Tinali titafika pabwalo la nyumba yawo.

"Dzina langa mwanibwezera, zikomo. Mpando uja mupatseni wina."

"Amayi, chonde. Adokotala apepesa. Ine napepesa pamaso pa anthu onse."

"Mwapepesa, ndipo nakhululuka, sinizakusungirani kanthu. Koma nchito ija ni ya anthu awiri, wina asenda, wina asanjikiza. Wina akati kali bwino, mnzake akhulupirira." Anandiyang'ana m'maso koyamba tsiku lonselo. "Tsiku lija adokotala anafunsa katatu. Poyamba ninati mwana wachita mantha, azakamba. Kachiwiri ninakuyang'anani kuti mwina muniyang'ane. Munali mutaika diso pa maikulosikopu. Ba Fridah, makina aja anali ozima. Malaiti anapita kuchokera m'mawa."

Ndinali nditaiwala zimenezo, kapena ndinachita kuziiwalitsa.

Kwathu mlendo amaperekezedwa, ndipo amene umamukonda umamufikitsa mpaka kumsewu. Ba Selestina anandiperekeza mpaka pa khola la mbuzi, mayadi khumi kuchoka pakhomo. Anandiuza kuti ndikapereke moni kwa adokotala, n'kubwerera ku mbande zawo. Matope onse a mpaka ku tala ndinayenda ndekha.